Kodi

Fani ya mu ofesi muno imangotakasa kutentha.
Fumbi la malasha a ku Moatize lakhala pazenera
ngati nalonso likudikira kulembetsa maphunziro.
Lero ndasaina mapepala makumi anayi ndi awiri,
dzina langa latopa kundiimira:
Lukresiya Chimphanje, Mkulu wa Nthambi.

Kale zala izi zinkalemba zina.

Ku Ulongwe, kuseri kwa sitolo ya feteleza,
bambo Nthambala anali ndi kompyuta imodzi
yofunditsidwa chitenje ngati khanda.
Ndinkalipira mbatatesi za kudimba kwa amayi,
ndowa imodzi, maola atatu.
Anati chilankhulo cha makinawa ndi kodi.
Ndinaseka. Kodi?
Chilankhulo chimenecho, kapena funso?
Anati khala pansi, uona wekha.

Ndinaonadi.
Kampatuliro kamodzi kakasochera
makina ankanyanyala ngati bulu pamlatho,
ine n'kumasaka mzere ndi mzere mpaka tambala.
Koma sankanama, sankakondera,
sankafunsa kuti ndine mwana wa yani.
Ndinawakondera chomwecho,
ndinawatsata ku Maputo, ndinawatsata kutsidya kwa nyanja
kumene dzuwa limalowa anthu asanaweruke,
ndinabwerako ndi chipewa cha ngodya zinayi
ndi chifuwa chosamva mankhwala.

Kenaka anandipatsa mpando wozungulira
ndi anthu.

Anthu alibe kamzere kofiira kosonyeza polakwika.
Dotolo Saize salankhula ndi Dotolo Bulande
chiyambire nkhani ya kiyi wa labu, zaka zisanu zapitazo.
Dzana tinakhala maola atatu
kukangana za dizilo wa jenereta,
nthambo za ku Songo zikung'ung'udza kutali
kunyamulira kuwala anthu amene sitidzawaona.

Ndiye m'mawa uno kwabwera Anastaziya wa ku Furankungo,
nsapato zili mbuu, maso ali gwa.
Makina amutsekera mayeso.
Ngongole: mametikali zikwi zinayi.
Fodya wa bambo ake adatengedwa mu Juni,
ndalama mpaka lero ili m'njira.

Pulogalamu imene yamutsekerayo ndinalemba ndine.
Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, usiku wa mvula,
ndinalemba kuti: ngongole ikaposa ziro, tseka.
Mzere waufupi, woyera, wopanda chilema.
Ndinaunyadira.
Unalibe malo a fodya,
unalibe malo a mlatho wokokoloka,
ngakhale a ndowa ya mbatatesi.

Ndatenga cholembera cha inki yabuluu
ndi kulemba pamwamba pa chigamulo cha makina:
alowe.
Mlembi wandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
A zachuma adzaimba foni Lolemba, ndikudziwa,
ndipo sindinakonze chowayankha.

Tsopano onse aweruka.
Zambezi wada bii, magalimoto a malasha akukwawa pamlatho,
mlonda akuwotcha chimanga kuseri kwa laibulale.
Ndatsegula galasi lakuda lija
ndinalisiya kalekale.
Kamzere koyera kakuphethira pakona
ngati chiphaniphani chotsekeredwa m'botolo.
Kandidikira zaka zonsezi, osadandaula.

Zala zauma, zaiwala njira.
Bambo Nthambala adagona chaka cha dzombe lija,
sitolo yawo pano amagulitsamo mafoni.

Ndalemba liwu limodzi lokha:

kodi

ndipo ndakhala chete, manja pamiyendo,
osadziwa ngati ndayamba pulogalamu
kapena ndayamba kufunsa.