Nsonga za Mbatata

Lamulungu ku Rímac. Nkhungu yameza phiri,
ngakhale mtanda wa pamwamba pake sukuoneka.
Takisi yanga yagona panja, yanyowa ngati galu wopanda mwini.
Zenaida wakhala pampando wapulasitiki pakhomo la khitchini,
dzanja lamanja lili m'chikhakha
chiterereke Lachitatu pamakwerero a kumsika,
ndipo lero, patatha zaka makumi atatu ndi chimodzi,
mpeni wake uli m'manja mwanga.

"Musasende ngati mukusema mpini," akutero.
"Khungu lokha. Mbatata imeneyo sinali yaulere."
Makoko anga akugwa ndi mnofu womwe.
Waona. Wangomeza mate.

Nyama ya nkhumba yawira m'madzi amchere
mpaka madzi aphwa, yayamba kukazingika m'mafuta ake omwe,
ikung'ung'udza mumphika
ngati wokwera amene ndamuzungulitsa njira yaitali.

"Dulani mopingasa, kukhuthala kwake ngati chala."
Chala cha yani?
Changa chinatupa ndi chiwongolero,
chake n'chowonda ngati pensulo.
Ndadula zina za chala changa, zina za chake,
china chapyapyala moti ndikuonera babu mkati mwake.

Zalowa m'chiwaya: chwaaa!
Mafuta andilumphira pamkono, ndatukwana,
iye waseka, koyamba sabata ino.
"Musazigwiregwire. Mbatata siifuna mafunso.
Ikapsa ikuuzani yokha m'mphepete."
Ndaima. Ndadikira,
ine amene ndimaliza hutala loboti isanasinthe.

Anyezi wofiira ndamuwaza, ndamutsuka kawiri m'madzi ozizira,
ndafinyira ndimu, mchere pang'ono, tsabola wachikasu.
Misozi iyi ndi ya anyezi, ndamuuza
asanafunse.
M'khwalala mnyamata wa buledi waliza lipenga la njinga yake,
ndatsika ndi epuloni ya maluwa, ndagula mabanzi anayi ofunda,
Eusebio wa nyumba yoyandikana wandiona, wavula chipewa.

Pobwera ndapeza pathabwa patsala zidutswa zinayi,
zosongoka, zamitsitsi, china chachipsera chakuda.
"Nanga izi?"
"Nsonga. Ponyani momwemo."
Ndaziyang'ana nthawi yaitali.
Masiku a Lamulungu onse aja,
ndawerenga mumtima, apitirira chikwi ndi mazana asanu,
m'mbale mwanga munkafika zozungulira zokhazokha,
zofanana ngati ndalama zachitsulo,
ndipo ine, bambo wa ana atatu, wodziwa misewu yonse ya Lima,
ndinkayesa mbatata imabadwa yopanda nsonga.

Ndamudulira banzi pakati,
nyama pansi, zozungulira zabwino pamwamba, anyezi potsiriza,
ndalifinya kuti likwane m'dzanja lamanzere.
Nsonga zopserera ndakokera kwanga mwakachetechete
ngati munthu wobweza ngongole usiku.

Ndaluma imodzi.
Kunja khirichi, mkati uchi weniweni,
ngati shuga yense wa mbatata
amathawa mpeni n'kukabisala kumapeto.

Zenaida wasiya kutafuna, wapukusa mutu.
"Teófilo, zaka zonsezi ndakhala ndikubisa bwinobwino,
dzanja limodzi lokha lathyoka, basi mwandigwira."
Watambasula lamanzere lija
n'kutola ziwiri m'mbale mwanga, osapempha.

Sindikudziwa ngati akunena zoona
kapena akundisenda manyazi
mmene amasendera iye, khungu lokha, mnofu osaukhudza.
Sindinafunse. Mbatata siifuna mafunso.

Khofi wazizira m'makapu.
Nkhungu ikadali pomwepo, yatsamira pazenera.
Adokotala anati chikhakha achotsa pakatha masabata asanu,
ndiye kuti nsonga makumi awiri,
ndipo sitinagwirizane kagawidwe kake.
Chiwaya chikundidikira pambali pa mpopi.
Ndauzidwa kale kuti mafuta otsala sataya,
amathira mu kabotolo kobiriwira kaja
kamene ndakhala ndikukasuntha m'mawa uliwonse pofuna shuga
osadziwa kuti muli chiyani.