Makhadi Awiri ku Lodz

Chipale chikusungunuka pa nsapato za Zdzislaw.
Kompyuta wabwera nayo m'bulangete
ngati mwana wodwala.

Bogna wogulitsa waitsegula pamimba, wauzira fumbi.
"Khadi la zithunzi lamakonoli sililowa m'kamphako aka.
Litalowanso, magetsi ake simungawakwanitse."

Wafukula m'katoni ya zakale:
lina lamphamvu, fani yake yolira ngati udzudzu,
lina lofooka, lachete.
Zdzislaw watenga lachete.
Mkazi wake tulo take n'topepuka.

Tsopano khadi la wailesi yakanema.
Za mpira alibe nazo ntchito,
akufuna lokhala ndi kabowo kachikasu
kolumikizira makina a kaseti.

Kunyumba, chuku chayamba kudya tepi ya ukwati
kuyambira pomwe malemu mayi ake
avula nsapato kuti avine.