Diso pa Bolodi

Lolemba ndidajambula Madagasika ngati chinangwa chogona,
kum'mawa kwake kadontho ka choko.
Ana a Fomu Thuu adaseka:
Aphunzitsi, namondwe wanuyo ndi kameneko?
Ndidati lembani,
mphepo yake makilomita zana ndi makumi awiri pa ola.
Adalemba, ena akuyasamula.
Kunja dzuwa la ku Kamwendo linkaliza malata,
mtedza m'minda utapinda makutu, sabata yachitatu yopanda dontho.

Lachiwiri wailesi idati wafooka pokwera mapiri a pachilumba.
Ndidadya bwino usiku umenewo
ngati munthu wosadziwa
kuti kutsidya kwa mapiriwo kuli madzi ofunda,
ndipo namondwe pa madzi ofunda
ndi mwana wang'ombe amene wapeza bere.
Ndinkadziwa. Amandilipira kuti ndizidziwa.

Zelipa ali ku Beira.
Izi sizili m'silabasi.
Adatsatira mwamuna wake wopakira mafuta kudoko,
amakazinga mandasi pachipata cha madalaivala,
amagona ku Munhava,
kumene khomo la nyumba ndi mafunde
amayang'anizana maso ndi maso.
Mdzukulu wanga ndimamudziwa pagalasi la foni basi:
mano awiri, chipewa chachikasu.

Lachitatu dzanja lokha silidakwanitse.
Ndidabwereka chivundikiro cha ndowa kwa amayi ophika phala,
ndidazunguliza choko,
makilomita zana ndi makumi asanu ndi awiri.
Sitifano wa kumbuyo kwenikweni, amene sakweza mkono chaka chonse, adafunsa:
Ngati ali ndi diso,
bwanji saona kuti kuli anthu?
Ndidamuuza za mpweya wotsika pakati, za bata la mabodza.
Adalemba. Sadakhutire. Inenso.

Madzulo ndimakwera chulu cha kuseri kwa nyumba za aphunzitsi
kusaka netiweki.
Nthawi zina imagwira ya ku Zambia, imandilonjera
ngati mlendo m'dziko langa lomwe.
Mawu ake adafika odukaduka:
Adadi musa... tasanjika matumba a mchenga padenga...
akuti tipite kusukulu ya nsanjika...
mwana ali ndi chimfine chabe.
Kumbuyo kwake wina ankakhoma misomali,
mofulumira, mosawerenga.

Pagolosale a Chimtengo adati,
Namondwe wanu uja, aphunzitsi, mumuuze
atiponyereko makombo kuno, chimanga chikupsa.
Ndidaseka nawo. Ndidagula kandulo ndi mayunitsi.
Sindiwada. Nanenso ndili ndi ekala imodzi ndi theka
ikufa ludzu kumunsi kwa msewu wa ku Mkanda.

Lachinayi bwalo lija lidakhudza gombe.
Pofuna kulemba nambala yatsopano
mkono wa malaya anga udapukuta bolodi,
Beira yense adatsala pa chigongono changa,
fumbi loyera.
Ndidaima.
Ndidalembanso B, dzanja likukana E.
Belu lidandipulumutsa.

Uthenga wa usiku uja udakali ndi kachongi kamodzi,
kotuwa,
ngati mbalame ya phiko limodzi.
Ndautumiza kanayi: Mwafika kusukulu?
Wailesi ikuti mizati yagwa, misewu yasanduka mitsinje,
chiwerengero sichinadziwike.
Ine amene ndimaphunzitsa kuwerengera mtunda ndi ulusi pamapu
ndayeza: kuchokera pano mpaka kwa iye
ndi chikhatho changa chimodzi ndi zala zitatu.

Lero Lachisanu.
Mitambo yabwera kuchokera kum'mwera, yotsika, yothamanga,
yonunkhira kwina.
Monitala wanyamula chofufutira.
Ndati siya.
Akuti a masamu akufuna bolodi.
Ndati alembe m'mphepete.

Dontho loyamba lagunda lata,
lachiwiri, kenaka ng'oma.
Ana aimirira pamadesiki, akukuwa, mvula! mvula!
Sitifano yekha wandiyang'ana,
wayang'ana thumba la malaya anga
mmene foni yagona chete,
ndipo watseka zenera la pafupi ndi mapu
kuti madzi asafike pagombe.