Muvi Wagona pa Ziro

Mayi Zvinavashe anachita kuikoketsa pa chingwe kuchokera ku Mbare,
pikapu yoyera, matimati ali m'mabokosi momwemo,
poopa kuiliza.
"Muvi wa oyilo wagona," anatero m'Chishona.
Nkhope yawo inali italengeza kale maliro.

Pano pa Gazaland sitilira tisanaone mtembo.
Ndinachirikiza boneti ndi mpini wa tsache,
ndinasolola kachitsulo koyezera,
kupukuta pa ovolosi, kubwezera, kusololanso.
Oyilo alimo, wakuda bii monga mwa injini za dizilo,
sakununkha kupserera.
Ndinamufikisa pakati pa zala: palibe mchenga wa chitsulo.

"Lizani."
"Ndiiphe ndi dzanja langa?"
"Lizani, mayi, ndingowerenga mpaka khumi."

Nsonga ya sikuludilaiva pa buloko, chogwirira pa khutu,
monga ankachitira a Kandulu, bambo anga,
omwe anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi
nadzakalambira pansi pa malole a ku Willowvale.
Injini youma imagogoda ngati mwini ngongole pakhomo.
Iyi inkangong'ung'udza, yokhuta.
Muvi uli chigonere.

Ndiye kuti wina akunama,
injini kapena mboni yake.

Tonderai, mnyamata wondipatsira masipanala, anati,
"Ingomatani tepi yakuda pagalasipo, asamauone."
Anzathu okonza matayala anafa nacho chiseko.
Ine ayi.
Nesi wa ku Mufakose atakulunga lamba pa mkono wa bambo
n'kuwauza kuti magazi akuthamanga,
iwo anati makina a boma ndi abodza.
Anamata tepi yawo.
Lachinayi lina anagwa podikira basi,
sipanala ya fotini ili m'thumba.

Chichokereni tsikulo sinditcha geji yabodza
ndisanaiitanire mboni ina.

Ndinamasula sensa kuseri kwa fyuluta,
chikhatho chikusupuka pa paipi yotentha,
ndinamangapo geji yamkuwa ya malemuwo,
yagalasi long'aluka, yosadziwa waya kapena batire,
yomva oyilo yekha akamaikankha.
Tinaliza.
Muvi wake unadzambatuka, unaima pa folo,
injini itatentha unatsika pang'ono n'kukhazikika.
Pampu ili moyo.
Mayi aja anakhala pansi pa tayala lakutha
n'kumasula chibakera chomwe anafumbata chichokereni kumsika.

Tsono wonama ndani?
Ndinagunditsa waya wa sensa ku chitsulo cha injini,
Tonderai maso ali padashibodi.
"Wasuntha?"
"Ngakhale kuphethira."
Sensa yapulumuka mlandu. Uthenga ukufera m'njira.

Ndinalowa pansi chagada, pa katoni,
kulondola kawaya kachikasu ndi chala,
kudutsa matope ouma a ku Mutoko,
kudutsa mfundo zomwe anamanga makaniko ena asanu,
mpaka pakangodya pamwamba pa giyabokosi:
makoko a mtedza, ulusi wa chiguduli, timanyi takuda.
Khoswe wa mumsika anamanga nyumba yofunda,
waya n'kumuyesa ndiwo.

Magetsi anali atapita m'bandakucha.
Chitsulo chowotcherera ndinakachiika pa mbaula
ya mayi wootcha chimanga pageti,
ndinathamanga nacho chisanazizire,
mtovu unasungunuka, nsonga ziwiri zinagwirana.
Apa m'pamene tepi ya Tonderai inapeza ntchito.

Ndinabwezera sensa. Kiyi.
Muvi unanyamuka mwamanyazi
ngati mwana wodzutsidwa alendo atafika kale.

Madola asanu, ndi ndowa ya matimati ophwanyika ndi dzuwa.
Ndikukulunga geji ya bambo m'nsanza yake,
mayi aja anasuzumira pawindo:
"Nanga inu, ndi misempha yotupa pachipumiyo,
munapimitsa liti?"

"Mawa," ndinatero.

Utsi wa dizilo unakhota kulowera ku Machipisa.
Tonderai anandiyang'ana, osalankhula,
anatola tepi yotsala
n'kuiponya m'thumba mwake.