Kusoka Phiko ku Ilchester

Singano yanga ndi yaitali ngati mkono wa khanda.
Ndimaibaya pamwamba pa phiko,
Hedley amailandirira kunsi
n'kundibwezera.
Zaka zitatu tikupatsirana chonchi,
osaonana nkhope,
nsalu yokha pakati pathu.

Anthu amaseka ndikawauza
kuti ndege yankhondo imavala bafuta.
Inde, bafuta, wokhuta mankhwala oboola mphuno,
wokungika ngati chikopa cha ng'oma.
Ukamugogoda ndi chala, amayankha.

Iyi inkanyamukira pamsana pa sitima yapamadzi
usiku wa bii, mafunde akuilavulira mchere,
anyamata atatu ali pamtetete, opanda denga,
chisanu chikuwameta masaya.
Tinakaipeza m'khola la nkhosa,
dzimbiri litaiguguda nthiti,
makoswe ataswerana pampando wa woyendetsa.

Kuseri kwa chitsulo china, kumene penti sanafike,
wina analemba ndi pensulo:
Maud, usagulitse njinga yanga.
Dzina lake sanasiyepo.
Hedley anati tifute, ndi lamulo la ntchito.
Ndinakana.
Tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu,
kenako iye mwini anatenga vanishi
n'kuwakuta mawuwo pang'onopang'ono, ali chete.

Lachinayi lililonse kumabwera a Durston pa chikuku,
bulangete pamaondo, makutu anagontha kalekale.
Iwo sanaulukepo.
Ntchito yawo inali kupukusa injini ndi manja
ndi kuwerenga zobwerera.
Akuti kuwerengako ndiye kunali kolemera.

Lero taitulutsa.
Mvula ya kuno yosadziwa kuleka yatipatsako mpata.
Amuna awiri apukusa, apukusa, thukuta kamukamu,
injini yatsokomola,
yatsokomolanso, yalavula utsi wabuluu,
kenako yakumbuka mawu ake.
Akhwangwala abalalika pa nsanja ya tchalitchi.
A Durston agwira pachifuwa,
akuimvera m'mafupa.

Yathamanga pa udzu monyinyirika,
ngati nkhalamba yoitanidwa m'bwalo la gule,
mpaka mateyala asiya dothi.

Ena akuomba m'manja.
Ine manja ali m'thumba, ndikufinya chingwe chotsala,
mtima uli pa mfundo iliyonse imene ndinamanga,
zikwi zinayi ndi kanthu,
ndi imodzi ija ndinamanga ndikulira maliro a mchemwali wanga.

Yakhota pamwamba pa mtsinje wa Yeo,
yachepa, yasanduka kadontho.
Pambali panga milomo ya a Durston ikugwedera.
Ayamba kale kuwerenga:
imodzi.