Dzina Limene Ndinafufuta

Lachitatu, mvula itangokata pa Chinamwali,
ndinatsala ndekha m'kashopu kathu ka magemu,
chala pa batani, mtima ukugunda ngati jenereta ya Che Ajasi.
Makina anandifunsa mwaulemu:
Kodi mukutsimikiza?
Ndinatsimikiza.
Dzina la Twaibu linazimirira pa sikirini
msanga kuposa mmene mwini wake anazimiririra pa depoti
ndi chikwama changa, ndi lendi ya miyezi iwiri.

Ine ndinkayesa ndikuchotsa dzina chabe,
zilembo zisanu ndi chimodzi ndi kachithunzi ka nkhandwe
kamene anasankha tsiku lomwe tinagula makinawa ku Limbe,
tikulimbirana mu minibasi kuti awafukate ndani.

M'mawa mwake ana anafika monga mwa masiku onse,
mayunifolomu atabisa m'majumbo,
ndalama zonyowa ndi thukuta m'manja.
Lonjezo anatola padi yake ija yomata ndi selotepi,
"Achimwene, tiikireni mpira."
Ndinapita pa mpira.
Pakona pake panali kaloko,
kakang'ono ngati ka pa sutikesi ya mwana wa folomu wani.
Pa magalimoto, loko.
Pa asilikali aja a m'chipululu, loko.
Onse alimo, ndikuwaona ndi maso angawa,
akudya malo m'mimba mwa makina,
koma angokhala duu ngati nsapato
pawindo la sitolo yotseka.

Inatsala ya nkhonya yokha, ya pa disiki yokandikakandika.
Imeneyo sifunsa kuti ndiwe mwana wa yani.
Ana anamenyana maraundi awiri, natopa,
nawoloka msewu kukaonera filimu kwa Mbwana.

Ndinakwera kabaza mpaka kwa Mpondabwino,
kwa mnyamata wokonza mafoni, uja anasiyira Chanko panjira.
Sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi.
"Makinawa ndi anudi, bwana.
Koma magemu anagulidwa m'dzina la mnzanuyo.
Nyumba ndi yanu, makiyi a zipinda ali m'thumba mwake.
Abwere alowetse imelo ndi mawu ake achinsinsi,
maloko onsewa agwa okha.
Koma zimene anasunga, zikho, timu yomwe anamanga,
ngati sanazikweze kumitambo, muiwale."

Kumitambo!
Ndinayang'ana phiri litafunda nkhungu mpaka m'chiuno,
lopanda nazo ntchito.

Timu imeneyo tinamanga awiri,
tikudikira magetsi a pakati pa usiku,
tikugawana chipisi chozizira cha pa chiwaya.
Goloboyi anamupatsa dzina la malemu bambo ake,
akapha penate, Twaibu ankaimirira n'kuvula kapusi.
Bambo aja ndawaika m'manda kachiwiri
ndi chala chimodzi.

Usiku ndinalemba dzina lake ndekha, ndinayesa mwayi.
Dzina la mayi ake: mwalakwitsa.
Chaka chimene anabadwa: mwalakwitsa.
Asiyatu wa ku Matawale, amene anamuliritsa chaka chathunthu,
nambala ya njinga, galu wawo Sautsa,
mwalakwitsa, mwalakwitsa, dikirani kaye.
Zaka khumi ndi zisanu tikufunda bulangete limodzi pa maliro,
tikubwerekana nsapato,
koma mawu amodzi okha amene anabisa
sindiwadziwa.

Landilodi akuti pa wani asamve nkhani.
Lonjezo akadutsa amangosuzumira, osalowa.

Ndalemba uthenga ku nambala ija ya ku Joni:
Za ndalama zija zisiye, unditumizireko mawu aja.
Ndafufuta.
Ndalembanso: Wafika bwino?
Kachizindikiro kamodzi, kotuwa, kuyambira Loweruka.

Padi yachiwiri ndimaitchajabe.
Ikadzaza, kanyali kake kamazima,
ndimaipukuta fumbi ndi malaya,
n'kuibwezera pa benchi, mbali ya kukhomo,
pamene matabwa anasalala ndi thalauza lake.