Ndinamutulutsa Limbikani

Mipopi ya ku Mufakose inauma Lachitatu.
Loweruka ndinalawira tambala asanalire,
zigubu zinayi pa wilibala,
kukaima pamzere wa pamjigo
kumbuyo kwa amayi a zidebe
amene ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba.
"Ndi a ana a mpira," ndinatero.
Wina anaseka: "Kodi mpira unayamba kumwa madzi?"

Magetsi anathima usiku, ayisi n'kusanduka madzi m'jumbo.
Ndinanyika matawulo akale asanu ndi limodzi
n'kuwabisa patsinde pa jakaranda,
mthunzi umodzi wokha pabwalo lathu lonse,
maluwa ake akuyoyoka popanda mphepo.

Ndinapempha kuti tiyambe seveni koloko.
Anyamata a ku Glen View anachedwa ndi kombi,
ndipo pamene wezulo inalira
dzuwa la Okutobala linali paliwombo,
dothi likuwotcha kudutsa m'nsapato,
golo lakutali likuvina ngati lili pansi pa madzi.

Ana khumi ndi mmodzi, wamkulu wa zaka khumi ndi zitatu.
Ndinawamwetsa asanamve ludzu,
poti ludzu ndi mthenga wochedwa,
limafika nyumba itapsa kale.
Ndinapangana ndi woyimbira:
pakatha mphindi khumi ndi zisanu, tiime,
amwe, anyowetse makosi, apume.
Oonerera anang'ung'udza kuti uwu ndi mpira wa makanda.

Limbikani amathamanga ngati wathawa ngongole.
Bambo ake, a Nkhwazi, anaima m'mbali ndi ovolosi ya ku ntchito,
pafupi ndi mkulu wina wa kope ndi cholembera
amene akuti amasaka ana a mapazi abwino.

Tinali titatsalira ndi chigoli chimodzi.
Ndinamuona mwanayo akupatsira mdani,
kawiri,
iye amene salakwitsa ngakhale kutulo.
Kenako anaima pakati, manja lende,
kuyang'ana golo lolakwika.
Ndinamuitana. Anayankha ngati ali m'chitsime.
Ndinalowa m'bwalo osapempha chilolezo.
Khungu lake linali malata a masana,
thukuta litauma pamphumi n'kusiya mchere,
maso ali kwina.

"Tuluka."
"Kochi, ndili bwinobwino."
"Tuluka."

A Nkhwazi anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi:
"Dzina lake ndi Limbikani ameneyo! Musiyeni alimbike!"
Sindinacheuke.
Ndinamuvula jezi, nsapato, masokosi,
kumugoneka pa maluwa ogwa aja,
matawulo m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche,
Takudzwa, goloboyi wathu, akumukupiza ndi katoni ya sopo.
Chigubu chachitatu ndinamukhuthulira chonse,
madzi amene ndinaimira maola awiri
akulowa m'dothi ngati sanakhaleko.
Kombi yomwe inatichedwetsa ija
ndi imene inatithamangitsira ku chipatala,
mazenera onse pululu,
ine ndikumufunsa dzina la mlongo wake mobwereza
mpaka analitchula molondola pa maloboti achiwiri.

Ndinamva madzulo kuti anzake anakana kupitiriza,
ndipo mapointi anapita ku Glen View.
Mkulu wa kope uja anachoka tsamba lili loyera.

Lachiwiri a Nkhwazi anabwera pabwalo.
Sanandipatse moni.
Anamasula zigubu ziwiri panjinga,
n'kuziika patsinde pa jakaranda,
akuyang'ana nsapato zawo.
"Loweruka mukuyamba nthawi yanji?"
"Sikisi koloko," ndinatero.
"Akadzachedwanso, sitisewera.
Mapointi atenge."
Anakanda chibwano nthawi yaitali.

Limbikani anali pabenchi, adokotala atamuletsa sabata yathunthu,
milomo itatupa ndi mkwiyo,
botolo pakati pa mawondo.
Anandiyang'ana ngati ndinamubera njinga,
kenako anamwa,
pang'ono,
n'kupatsira Takudzwa.